Algebra ndi trigonometry m'kalasi yodzaza: njira zomwe ndayesa kuno ku Chipata

Temu yathayi ndinalemba funso la ma simultaneous equations pa bolodi koma sindinayambe ndi x ndi y monga ndimachitira masiku onse. Ndinangoti meda ziwiri za nshawa ndi meda imodzi ya nyemba ndi K150, meda imodzi ya nshawa ndi meda ziwiri za nyemba ndi K180, ndipezereni mtengo wa meda iliyonse, njira musankhe nokha. Kalasi inati zii. Ena anayamba kuvundukula makope kufuna chitsanzo choti akopere koma chitsanzo munalibe. Patapita mphindi mwina zinayi mtsikana wina wokhala kumbuyo kwenikweni, amene kuyambira Januwale sindinamvepo liwu lake, anakweza dzanja mwamanyazi. Amayi ake amagulitsa ku msika wa Kapata. Anati, "Aticha, munthu akagula zonse ziwirizi pamodzi ndiye kuti watenga nshawa zitatu nyemba zitatu, walipira K330. Ndiye imodzi ya nshawa ndi imodzi ya nyemba ndi K110. Pa K150 paja mukachotsapo K110 yatsala meda imodzi ya nshawa, K40. Nyemba ndi K70."

Sanalembe x, sanachulukitse equation iliyonse ndi 2 monga ndinakonzera ine mu lesson plan, koma yankho ndi lomwelo ndipo njira yake ndi yaifupi kuposa yanga.

Nchifukwa chake ndati ndilembe izi kwa aphunzitsi anzanga a masamu kuno kum'mawa, makamaka inu amene mwangochoka kumene ku koleji, mwapatsidwa kalasi ya ana opitirira 70 ndipo aliyense akukuuzani zake. Uyu akuti malizani silabasi, uyu akuti ana azichita okha inu muzingowongolera, makolo akuti mwana wanga apase basi. Njira ndayesa zingapo pa zaka zomwe ndagwira choko, ndiye ndikamba mmene ndaziwonera ine, pomwe zimathandiza ndi pomwe zimagwera.

Yoyamba ndi ija tonse tinakulira, choko ndi bolodi kenako ma past paper. Mphunzitsi alemba fomyula, apanga zitsanzo ziwiri zitatu, ana akopera, apatsidwa exercise. M'ma workshop njirayi amainyoza koma tisanamizane, ili ndi mphamvu yake. Piriyodi ndi mphindi 40 chabe, kuchokera mu Januwale 2022 pomwe sukulu zinakhala zaulere makalasi anadzaza mpaka pa chitseko, ndipo silabasi siyichepa, sets, matrices, vectors, linear programming, earth geometry, calculus, zonse zikukudikira. Mwana amene wapanga ma quadratic equation makumi atatu dzanja lake limazolowera, akakumana nayo mu Paper 2 sanjenjemera. Sine rule ndi cosine rule nazo zimafuna kubwereza bwereza, palibe kuchitira mwina. Komanso mafunso a ECZ, bungwe lokonza mayeso a boma, ali ndi kabweredwe kake, amene wawona mapepala a zaka zingapo zapitazo amadziwiratu kuti triangle ija ibwera, apeze mbali imodzi, apeze area, kenako shortest distance.

Pomwe imagwera ndi apa, mwana amaloweza mawu osadziwa chomwe chili kunsi kwake. Tonse timaimbitsa nyimbo ija ya change side change sign, ndiye mumpatse 2x = 10, akulemberani x = 10 − 2, wina x = 10 ÷ −2, poti 2 wawoloka ndiye asinthe sign. Sikuti mwanayo ndi wopanda nzeru iyayi, watsatira mokhulupirika lamulo lomwe munampatsa inu nomwe. SOHCAHTOA, mawu oloweza nawo sin, cos ndi tan, nayo chimodzimodzi, aiyimba bwino bwino koma mungotembenuza triangle kuti hypotenuse igone pansi basi wasokonekera, opposite sakuiwonanso. Ndipo chomwe chimandipweteka kwambiri pa njira iyi nchakuti iwe mphunzitsi sumva kanthu, umangowona tick ndi cross. Mtsikana wa nshawa uja ndinakhala naye miyezi yonse ija ndikumulembera mamakisi otsika osadziwa kuti masamu a pamsika amawachita m'mutu tsiku lililonse akamathandiza amayi ake.

Ya magulu sindikhalapo nthawi. Pa pepala ndi yabwino, ana akambirane athandizane, ndipo silabasi yatsopano yomwe inayamba ndi Form 1 mu 2025 ikukankhira komweko. Koma m'kalasi imene desiki imodzi akhalapo atatu ndipo pakati palibe podutsa, gulu la ana khumi limasanduka la mwana mmodzi, wochenjera uja alemba, awiri akuyang'ana, ena onse akukamba za mpira. Ine magulu akuluakulu ndinasiya. Atatu a pa desiki yomweyo akwana, ndipo aliyense ayambe waganiza yekha mphindi zitatu asanatsegule pakamwa, kenako afananize. Apo zimayenda. Muwalolenso akambirane mu Chinyanja, kapena Chinsenga inu a ku Petauke, Chitumbuka inu a ku Lundazi. Mayeso adzalemba mu Chizungu inde, koma mwana amaganiza m'chilankhulo chomwe amatsutsana nacho ndi abale ake kunyumba, mukawakakamiza Chizungu pokambirana mudzangomva mawu a ana asanu omwe aja a kutsogolo.

Kutuluka panja ndiye ndimakukonda maningi, makamaka pa trigonometry. Zofunika sizodula, protractor ya mu mathematical set, ulusi, nati yakale ya njinga ndi kapaipi ka bolopeni yotha inki. Kapaipi mumata m'mbali yowongoka ya protractor, ulusi mumanga pakati penipeni, nati ilendewere. Mwana mmodzi asuzumire nsonga ya mtengo kudzera m'kapaipi, mnzake awerenge pomwe ulusi wagwera. Apa muchenjere, munthu akayang'ana mowongoka ulusi umakhala pa 90, ndiye ukawerenga 55 angle yanu ndi 35, ana ambiri amangolemba 55 yomweyo.

Kuseri kwa bwalo la mpira pa sukulu yathu kuli bulugamu wamtali. Anyamata ena anaima mamita 20 kuchoka pa tsinde, angle 35, tan 35 ndi 0.7, akuti mtengo ndi mamita 14, nkukhala pansi kuti atha. Mtsikana wina wamfupi anaima pomwepo anapeza angle yokulirapo pang'ono, mkangano nkuyamba, awa akuti walakwitsa kuwerenga iye akuti sindinalakwitse. Ine ndinangokhala chete dala. Mapeto ake ndi iye yemwe anatola kamtengo nkujambula pa dothi, anati triangle yathu sikuyambira pansi, ikuyambira pa diso, ndiye wamtali ndi wamfupi sangapeze angle imodzi, aliyense awonjezere msinkhu wake. 14 ija inakhala 15 ndi theka. Chinthu chimenechi ndikanachinena ndekha pa bolodi mawa lake bwenzi ataiwala.

Koma amene anandidabwitsa tsiku limenelo ndi mnyamata wina amene holide iliyonse amakaweta ng'ombe za agogo ake ku Chadiza, kakyuleta alibe. Iye anangoyenda chambuyo chambuyo akusuzumira m'kapaipi mpaka ulusi unafika pa 45, nkuima, nkuti aticha yezani kuchoka pano kufika pa tsinde, muwonjezere msinkhu wanga, ndiwo utali wa mtengo. Tinayeza kufika pa tsinde, mamita 14 ndi pang'ono, msinkhu wake tisanawonjezere. Ndinamufunsa wadziwa bwanji, anati triangle yotereyi ndi sikweya yodulidwa pakati kuchoka pa kona kufika pa kona, ndiye kupita uko ndi kukwera uko ndi chimodzimodzi. Kalasi imeneyo palibe amene anaiwalanso kuti tan 45 ndi 1, ndipo mukudziwa kuti mu Paper 1 kakyuleta salola.

Pali ya mthunzi nayonso, muimika ndodo ya mita imodzi, muyeza mthunzi wake, muyeza mthunzi wa mlongoti wa mbendera, mufananiza. Nkhani zakale zimati Thales wa ku Greece anayeza nayo piramidi ku Egypt. Ndi yabwino poyambira tan chifukwa mwana amawona yekha kuti ndodo yaifupi ndi mlongoti wautali zikupereka nambala imodzi akagawa utali ndi mthunzi. Kungoti musankhe nthawi. Chipata ali pafupi ndi 13.6 digiri kumwera kwa equator, ndiye chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, mthunzi umabisala kumapazi, mulibe choyeza. Pitani m'mawa, kapena mudikire Juni ndi Julayi pomwe mithunzi imatalika ngakhale masana. Ndipo ngati m'kalasi muli mwana wa mmisiri womanga nyumba mufunseni mmene atate ake amawongolera kona ya faundeshoni, akuuzani za chingwe ndi 3, 4, 5, Pythagoras mwamupeza kale musanamutchule dzina.

Kuipa kwake, panja pamadya double period yonse, ana ena amayesa ndi break, ndipo mukapanda kubwerera m'kalasi tsiku lomwelo nkujambula triangle ija pa bolodi ndi zilembo zake monga imabwerera pa mayeso, mwana amakumbukira mtengo wa bulugamu koma tan waiwala. Kawiri pa temu ine ndimati zakwana.

Manje za mafoni ndi makompyuta. GeoGebra, pulogalamu ya masamu ya pa foni ndi kompyuta, ndi yaulere, anaiyambitsa Markus Hohenwarter mu 2001, ndipo ukaiyika kamodzi imagwira nchito opanda bando. Pa ma graph palibe choipambana. Ulemba y = ax² + bx + c, ukusuntha a, ana akuwona graph yooneka ngati mbale ikutseguka ikutsekeka kenako yatembenuka yayang'ana pansi a akakhala negative, chinthu choti pa bolodi ungajambule ma graph asanu choko nkutha. Graph ya sine ndi cosine nayo imamveka msanga akaiwona ikutuluka pa point yozungulira circle. Koma tinene zoona, sukulu zambiri foni salola, lab ya makompyuta ngati ilipo ndi ya a computer studies, ndipo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi amapita tsiku lonse, laputopu yanga imafika kusukulu yozima. Ana 70 pa kasikirini kamodzi akuwona ndi a kutsogolo chabe. Ndiye ine ndimaigwiritsa ngati ndiwo zapadera, kamodzi kamodzi, ndimaitana desiki ndi desiki ena akulemba. Ma app aja ojambula funso nkukupatsa yankho ndiye ndilibe nawo mawu abwino kwa mwana wa Grade 10, homuweki imabwera yoyera yopanda cholakwa, pa test dzanja lauma.

Kakyuleta payokha ndiyofunika, mwana aizolowere kuyambira Grade 10 osati kubwereka sabata ya mayeso. Koma nayo imanama kwa amene saganiza. Casio ija ikangolowa mu RAD, yoyeza angle mu ma radian mmalo mwa madigiri, sin 30 ikupatsani −0.988, ndipo ndawonapo mwana akulemba kuti makwerero atsamira pa khoma mpaka pa utali wa negative osadabwa nkomwe. Muwaphunzitse kuyang'ana ka D ka madigiri pamwamba pa sikirini ndi kuyesa sin 30 asanayambe, ikapanda kupereka 0.5 asapitirire.

Njira yomwe ndikufuna kukhalapo kwambiri ndi iyi yoyambira pa maganizo a mwana. Si yachilendo kwenikweni, kungoti mumatembenuza dongosolo, funso patsogolo fomyula pambuyo. Mupereka funso limodzi labwino, muwasiya alimbane nalo, inu mukuyenda m'mbali mwa makoma momwe mungadutsire mukusuzumira m'makope. Musankha mayankho atatu osiyana, limodzi likhale lolakwa lomwe ambiri alemba, muwalemba pa bolodi opanda mayina ndipo osanena kuti lolondola ndi liti. Kenako kalasi iweruze.

Ndipereke chitsanzo cha (a + b)², chomwe chaka ndi chaka ana amalemba a² + b² ngakhale muwakalipire bwanji. Ndinati atate ali ndi munda wa lima imodzi, mamita 50 uku 50 uku, ndiye 2500. Chaka chino awonjezera mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, munda wonse tsopano ndi waukulu bwanji? Theka la kalasi linati 2500 kuphatikiza 100, ndiye 2600. Ena anati 60 kuchulukitsa 60, 3600. Ndinalemba zonse ziwiri nkufunsa kuti 1000 wasiyanayu wapita kuti. Mnyamata wina wa ku mafamu anabwera kutsogolo, anajambula munda wakale, nkujambula kachigawo kakang'ono ka 10 ndi 10 pa kona, anati awa a 2600 alima kakona aka chabe, asiya mizere yonse ya m'mbali iyi ndi ya m'mbali iyi, 500 uku 500 uku. Kuyambira tsiku limenelo 2ab m'kalasi imeneyo dzina lake ndi mizere ya m'mbali. Wina akaiwala anzake amangoti wasiya mizere, iye nkukonza yekha.

Ndipo chithunzi chomwecho chinandithandiza pa completing the square. al-Khwarizmi, amene analemba buku lake ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, buku lomwe mawu oti algebra anachokera, anali ndi funso lomwe lero timalemba x² + 10x = 39, ndipo analimasula ndi chithunzi cha sikweya. Jambulani munda wa x ndi x, 10x muigawe pawiri ikhale mizere ya m'mbali ya 5x uku 5x uku, pa kona patsala mpata wa 5 ndi 5. Mukautseka mwawonjezera 25, zonse zakhala 64, mbali ndi 8, x ndi 3. Ana anga anawona okha kuti ndi munda uja wabweranso, ndipo funso lija lakuti nchifukwa chiyani timatenga theka la b nkulichulukitsa lokha silinabwerenso. Yankho lina la negative, −13, munda sungakupatseni, limenelo munene ndinu.

Pa trigonometry chinachitikanso. Wina analemba kuti sin 60 ndi sin 30 kuphatikiza sin 30, ndiye 1. Mmalo modula ndi bolopeni yofiira ndinaika pa bolodi. Mtsikana wina anati ngati ndi choncho sin 90 ikhala 1.5, ndiye kuti opposite yatalika kuposa hypotenuse, triangle yotero ijambuleni tiyiwone. Nkhani inathera pomwepo.

Koma musamve ngati njirayi ndi yofewa, ili ndi mtengo wake ndipo ndi wokwera. Choyamba nthawi, funso limodzi likhoza kudya piriyodi yonse pomwe mnzanu wa kalasi ina wapanga khumi. Chachiwiri iwe mphunzitsi masamu uwadziwe mpaka pansi, chifukwa mwana adzabwera ndi njira yomwe mulibe m'buku ndipo uyenera kuzindikira pomwepo ngati ndi yoona nthawi zonse kapena yangochita mwayi pa nambala zimenezo. Zikakuvuta nena kuti ndikayang'ana ndibwera nayo mawa, ndipo mawa ubwere nayodi. Ana enanso safuna, makamaka ochenjera aja ozolowera kukhoza, amati aticha tipatseni chabe fomyula nthawi ikutha.

Chovuta kupambana zonse ndi mantha. Ana athu analeredwa kuti wamkulu akamakamba mwana amamvera, satsutsa, ndipo ndi ulemu wabwino sindikuunyoza. Koma m'kalasi ya masamu ulemu womwewo umatseka pakamwa, mukafunsa kuti mwamva onse ayankha inde aticha pomwe sanamve. Ndinaphunzira kuti mawu ofunsira ali ndi kanthu. Ukati nchifukwa chiyani walemba chonchi mwana amamva ngati mlandu, afufuta msanga ngakhale yankho linali lolondola. Ukati tandiwonetsa mmene waganizira, kapena unayambira pati mwana wanga, amamasuka. Ndipo kuseka yankho la mnzako ndinaletsa sabata yoyamba, mwamphamvu, chifukwa mtsikana akasekedwa kamodzi pamaso pa anyamata makumi anayi simudzamumvanso mpaka Grade 12. Yankho lolakwa likatithandiza kumvetsa ndimathokoza mwini wake pamaso pa onse ngati iye walola kudziwika.

Si maganizo onse a ana amene amafika patali, izinso muzidziwe. Pochotsa change side change sign ana anga anabweretsa sikelo ya pa butchala, chomwe wachotsa uku uchotsenso uku, ndipo inatithandiza bwino pa 2x + 3 = 11. Tinafika pa x + 7 = 3 sikelo inakanika, sungachotse 7 pa mbale yomwe pali 3. Wina anati ndiye kuti ndi ngongole, uli ndi K3 ukufuna kulipira K7, watsala ndi ngongole ya K4. Tinayenda nayo ngongole mpaka pa negative kuchulukitsa negative, apo nayo inatisiya, ndinachita kuwawonetsa ndi mndandanda wa nambala, −2 kuchulukitsa 2, kenako 1, kenako 0, mayankho akukwera ndi 2 nthawi iliyonse, ndiye pa −1 afika pa 2. Chitsanzo chilichonse chili ndi pothera pake ndipo kudziwa pomwe chathera ndi nchito ya mphunzitsi osati ya mwana.

Amene angakuthandizeni pa njira iyi ndi anzanu a mu department. Lesson study, yomwe aphunzitsi amakonzera phunziro limodzi nkuwonerera mnzawo akuphunzitsa, kuno inayambira ku Central Province mu 2005 mothandizidwa ndi a JICA, bungwe la ku Japan, kenako inafalikira dziko lonse, ambiri timaichita mongokwaniritsa kuti CPD, maphunziro a aphunzitsi a pa nchito, yachitika, timakhala kumbuyo nkumayang'ana mphunzitsi ngati walemba date ndi objective. Yesani kamodzi kuyang'ana ana mmalo mwa mphunzitsi, aliyense atenge madesiki awiri alembe zomwe ana akulemba ndi zomwe akunong'onezana. Zomwe mudzabweretse pa tebulo pambuyo pake zidzakhala zina. Ku misonkhano ya ZAME, bungwe la aphunzitsi a masamu, nakonso muzipita ndi makope a ana osati ma scheme okha.

Ndiye mukandifunsa kuti nditenge iti, ine ndimagawa chonchi. Topic yatsopano, double period yoyamba ndi ya funso lopanda fomyula kapena ya panja. Masiku otsatira ndi choko, zitsanzo ndi exercise yambiri ndithu, chifukwa kumvetsa kopanda kuzolowera dzanja sikupasitsa mayeso. Lachisanu mphindi 15 zomaliza ndimalemba pa bolodi yankho limodzi lolakwa lomwe ndatola m'makope a sabata imeneyo, alipeze pomwe lapotokera. Grade 12 ikadutsa mock ndiye ndi ma past paper basi, sindinama, koma Lachisanu lija sindisiya. Inu a sukulu ya boarding muli ndi prep ndi lab, GeoGebra muipatse malo ambiri. Inu a day school ya kumudzi kumene ana amafika atayenda mtunda ndipo homuweki sichitika chifukwa madzulo kuli kumunda ndi kumjigo, exercise ichitikire m'kalasi momwemo, ndipo panja ndi pa dothi ndiye lab yanu. Amene mwangoyamba kumene musayese zonse pakamodzi, gulani kabuku kakang'ono muzilemba mayankho olakwa omwe akubwera kawiri kawiri ndi mawu omwe mwana ananena pofotokoza, chaka chamawa lesson plan yanu idzachokera mmenemo.

Mtsikana wa nshawa uja sabata yotsatira ndinafuna ndione ngati njira yake ipirira funso losalingana. Ndinati mitengo yakwera, meda zitatu za nshawa ndi ziwiri za nyemba K310, imodzi ya nshawa ndi zinayi za nyemba K370. Anaphatikiza monga kale, zinatuluka zinayi ndi zisanu ndi imodzi, K680, sizinalingane. Anakhala kaye akuluma bolopeni. Kenako anagawa pakati, ziwiri ndi zitatu K340, nkuphatikizanso ndi mzere woyamba uja, zisanu zisanu K650, imodzi imodzi K130. Pa K310 anachotsa K130 kawiri, nshawa K50, nyemba K80. Koma polemba zonsezi anatopa ndi kubwereza mawu, anafuna kufupikitsa alembe n, nkupeza kuti nshawa ndi nyemba zonse zikuyamba ndi n. Anandiyitana, "Aticha, ndingalembe x ndi y?" Ndinati lemba, koma undiuze x ndi chiyani. Anati ndi nshawa, nkuima pang'ono, nkuti iyayi, ndi mtengo wa meda imodzi ya nshawa.